Phazi la Kumanzere la Promise

Nkhulambe, Phalombe
16 Januwale 2024

Wokondedwa Lenia, mwana wa mlongo wanga,

Landira moni wa kumudzi. Ine malume ako Sitima ndilipo, mawondo okha ndiwo akudandaula. Mayi ako Enelesi alipo. Kaya iwe ku Joni uko, madamu ako akukusunga bwanji?

Ndalemba ndekha, pang'onopang'ono, ndi dzanja lija la sukulu ya kwacha. Anthu amati bwanji osangoimba foni. Iwe makutu angawa ukuwadziwa. Ndikagwira foni ya munthu pa msika wa Chiringa ndimakuwa, ndipo nkhani ya m'banja mwathu imakafika mpaka kwa ogulitsa usipa. Ndiye kalatayi ndipatsira Owen, uja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni, akamabwerera.

Nkhani ndi ya mwana wako Promise. Usadzidzimuke, ali moyo. Sabata yathayi thupi linatentha, akadya n'kusanza. Kenako m'mawa wina anakomoka, maso kuyang'ana kumwamba. Mayi ako anamufungata pa njinga yamoto ya kabaza mpaka ku chipatala chachikulu. Ine ndinatsatira pa njinga yanga, poti mwini mbumba sangatsale kumunda mwana ali choncho.

Kumeneko anati ndi malungo aakulu. Tinagwa m'manja mwa nesi wina wachitsikana, dzina lake Patricia, linalembedwa pachifuwa. Ndikufotokozere bwinobwino zimene ndinaona, uweruze wekha.

Choyamba anafunsa dzina la mwana. Tinanena. Anayang'ana m'kabuku ka mwana kaja, n'kumuika pa sikelo ngati thumba la nandolo. Anawerengera zake papepala. Anakasamba m'manja, n'kuvala magolovesi. Pobwera ndi mankhwala anafunsanso dzina lomwe lija. Ine ndinati mumtima, mwana akufa uyu, munthu woiwala dzina akumbukira mankhwala? Anang'amba kapepala ka jakisoni pamaso pathu, amvekere, "Taonani agogo, ndi watsopano." Kamankhwala kake kosadzaza ndi kasupuni komwe. Akuti amayeza malinga ndi kulemera kwa mwana.

Anafufuza mtsempha pa dzanja, sunaoneke. Ndiye anauza mayi ako kuti akhale pansi, amuike mwana pamiyendo, amupane miyendo ndi mawondo kuti asagwedezeke. Anapukuta ndi thonje, n'kubaya pantchafu ya kumanja. Pantchafu, Lenia. Mwendo umene munthu amayendera.

Ndinati, "Anesi, mwalakwitsa malo."

Iye anati, "Ayi agogo. Mwana wa zaka zitatu timamubaya pantchafu. Kuthako kumadutsa mtsempha waukulu wopita kuphazi, ndipo kathako ka mwana n'kakang'ono, singano sichedwa kuupeza."

Ndinati, "Ine ndakula ndi jakisoni wa kuthako. Si uyu ndapalasa njinga kuchokera ku Nkhulambe?"

Iye anati, "Munachita mwayi, agogo."

Pamenepo mtima unandipsa. Ndinamuuza kuti ndi mwana wa dzulo, ntchito anaiphunzira m'buku. Azimayi odikirira odwala m'wodimo anaseka, wina amvekere, "Agogo, ngati mukufuna wa kuthako vulani inuyo, akubayeni tione." Mayi ako anandikoka malaya kuti ndikhale chete.

Atatha kubaya anaponya jakisoni yense m'kabokosi ka chibowo pamwamba. Singano yabwinobwino, yobaya kamodzi kokha. Kenako anaimirira pompo kumuyang'ana mwana kanthawi, ngati alibe ntchito ina. Anamubaya katatu konse, n'kuti basi, zotsalazo ndi mapiritsi a LA, kazikamwerani kunyumba.

Pano tili kumudzi. Promise akudzuka, akumwa phala. Koma ntchafu ija imamupweteka, akamayenda amatsimphina pang'ono. Ine mtima wanga sunakhazikike. Matenda okomola mwana angathe ndi timadontho titatu tobayidwa pamalo olakwika?

Uyankhe msanga. Mayi ako akupereka moni.

Ndine malume ako,
Sitima


Joni
15 Januwale 2024

Okondedwa amalume,

Muli bwanji kumudziko? Amayi ali bwanji? Ine ndilipo. Mnzanga wa ku Chiringa wandiuza pa foni kuti Promise anakomoka, anamuona ali pa kabaza ndi amayi. Zina sakudziwa. Ndayesa manambala onse amene ndili nawo, palibe amene ali pafupi ndi inu. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa ku Migowi amene akubwera ku maliro, akuti akaisiya pa golosale ya pa Chiringa.

Amalume, pulizi, musalole kuti angomupatsa panado n'kukubwezani. Mukukumbukira mwana wa achemwali a Mervis. Anapatsidwa timapiritsi, anasanza tonse, ndipo tinamuika m'manda. Mwana wosanza mapiritsi sakhala m'mimba. Promise abayidwe jakisoni. Muumirire. Mukaona kuti akukuzengerezani kapena akuti mankhwala atha, pitani kwina, musadikire. Ndaikamo kangachepe m'kalatamu.

Ndalembera inu chifukwa ndinu mwini mbumba. Amayi ndi amantha, munthu wovala zoyera akalankhula amangoti inde, inde. Inu mumatha kuima. Mwana wangayo ndamusiya m'manja mwanu.

Mayi yemweyo ndamupatsanso nsapato za Promise, zofiira, za kalamba komata. Ndinagula pa Khrisimasi kuti adzavale akamayamba sukulu ya mkombaphala. Ndagula zokulirapo dala. Mumuuze kuti achire, amayi ake akufuna chithunzi atavala, akuthamanga.

Ndine mwana wanu,
Lenia


Nkhulambe
6 Febuluwale 2024

Wokondedwa Lenia,

Moni. Tilipo, mvula ikugwa, chimanga chayamba kumasula. Kaya iwe.

Makalata athu anasemphana panjira. Yanga inanyamuka ndi Owen, yako inandipeza kumapeto kwa mwezi wathawu. Ndinaiwerenga kawiri, ndinawerengeranso mayi ako. Nsapato zafika. Promise anagona nazo pamphasa, kukana kuvula.

Pamene kalata yako imafika, mapiritsi anali atatha, mwana akusewera panja, ntchafu itasiya kupweteka. Koma kudya sankadya bwino, ndipo madzulo ena thupi linkafunda. Mayi ako anati, "Achimwene, mwanayu akuchira, musiyeni. Lenia analemba asanadziwe kuti tinapita kale kuchipatala." Ine ndinati, "Mwini mwana wanena kuti abayidwe, wanena kuti tipite kwina, watumiza ndi ndalama yomwe. Ndipo watchula kuti iwe ndiwe wamantha." Mlongo wanga anangotenga lichero lake n'kupita kuseri.

Ndiye ndinamubereka pa njinga kupita kwa a Goodman. Sukuwadziwa, anabwera kuno iwe utapita. Akuti kale ankathandiza madokotala pa kachipatala ka ku esiteti ya tiyi. Ali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, ndipo chikokolokere chipatala chathu chapafupi ndi madzi a namondwe uja, anthu ambiri amapita kumeneko. Munthu waulemu. Anandipatsa mpando, ananditchula kuti bambo. Sanafunse dzina la mwana ngakhale kamodzi, sanamuike pa sikelo. Anangomuyang'ana, amvekere, "Malungowa anangogona, sanafe. Atsikana a masiku anowa amaopa thako."

Singano yawo amaisunga m'kachitini, amati amaiwiritsa m'mawa uliwonse. Anapopa mankhwala odzaza, osati timadontho tija. Ndinawauza kuti nesi anabaya mwendo wa kumanja. Iwo anati ndiye tiupumitse, tibaye kumanzere. Ndinamugoneka chafufumimba pa benchi, n'kumugwira mapewa. Miyendo inali kuponda uku ndi uku. Anabaya pakati pa thako.

Lenia, mwanayo analira kulira kumene sindinakumvepo. Ine wogontha ndinakumva m'mano. Mwendo unachita kudumpha wokha. Ankati, "Agogo, moto! Moto kuphazi!" A Goodman anaseka, amvekere, "Mwamva? Afika mpaka kuphazi. Amenewo ndiye mankhwala."

Thupi silinafundenso, zimenezo ndikutsimikizire. Koma pali chinthu chimodzi. Phazi la kumanzere likulendewera. Akamayenda silidzuka, zala zimakhula pansi, ndiye amakweza bondo ngati akuwoloka madzi. Pobayidwa paja patupa. Ndinabwerera kukafunsa. A Goodman akuti ndi jakisoni wa nesi uja, kuipa kwake kunachoka ku mwendo wa kumanja kukakhala ku wa kumanzere, ndipo pakufunika wina mmodzi woti akutulutse. Akutinso tisapite kuchipatala, kumeneko amathamangira kudula miyendo.

Jakisoni wachiwiriyo mwana sanabayidwe. Mayi ako anakhala pakhomo atamumanga mwana kumsana ndi zitenje ziwiri, amvekere, "Achimwene, mukafuna kumutenga muyambe mwandibaya ine." Chibadwire mlongo wanga sanandiyankhepo choncho. Pano tikudya mosalankhulana.

Ulembe, uwauze mayi ako kuti ndikuchita zimene unanena.

Ndine malume ako,
Sitima


Joni
27 Febuluwale 2024

Amalume,

Moni. Makalata anu awiri ndawalandira pafupifupi tsiku limodzi. Yoyamba inakhalitsa m'galimoto ya Owen, yachiwiri yabwera ndi mnyamata wa basi. Nditawerenga yoyamba ndinagwada m'kichini mwa madamu kuthokoza Mulungu. Nditawerenga yachiwiri ndinatuluka panja.

Amalume, mwandichita chiyani?

Ine polemba ndinkadziwa kuti mwana wakomoka basi. Sindinkadziwa kuti ali kale m'wodi, kuti wabayidwa kale katatu, kuti wachira. Ponena kuti pitani kwina ndinkanena chipatala china, cha mishoni, kapena kiliniki yolipira ya manesi enieni. Sindinanene kuseri kwa nyumba ya munthu wosunga singano m'chitini. Amayi anakuuzani zoona, inu munawayankha ndi mawu anga. Mawu amenewo ndikanakhala ndi njira ndikanawameza.

Zonse zimene munanyoza kwa nesi uja ndimaziona ndi maso anga kuno. Mwana wa madamu ndi msinkhu wa Promise, ku kiliniki ndimapita naye ndine. Amafunsa dzina kawiri kuti asapatse mwana mankhwala a mwana wina. Amamuyeza pa sikelo. Amandiuza kuti ndimufungate zolimba. Amabaya pantchafu kapena pamkono. Singano amataya. Ndinafunsa sisitala wa pa kiliniki za phazi lolendewera, nkhope yake inasintha, amvekere mwanayo apite kuchipatala lero, osati mawa.

Nesi anabaya kumanja, mwendo wa kumanja uli bwino. A Goodman anabaya kumanzere, phazi la kumanzere lagwa. Mwalemba nokha ndi dzanja lanu, amalume. Werenganinso.

Ndikupemphani mwaulemu wonse umene munandiphunzitsa. Tsiku limene kalatayi ifike, siyani khasu, mutengeni mwana, pitani kwa nesi yemweyo. Mukanene zoona zonse, amene anabaya, pamene anabaya, ndi singano yotani. Ngati mukuchita manyazi perekezani amayi mukaime pageti. Miyendo sadula chifukwa cha zimenezo, a Goodman akuopa kugwidwa.

Ine kubwera sindingathe. Mapepala anga anatha kalekale, ndikatuluka sandilolanso kulowa, ndipo nonsenu mumadya kuchokera m'kichini muno. Ndayesanso kuimba kwa mnzanga wa ku Chiringa kuti akuuzeni pakamwa, foni yake siikugwira.

Amayi muwauze kuti ndapepesa.

Lenia


Nkhulambe
9 Epulo 2024

Wokondedwa Lenia,

Moni, mwanawe. Mayi ako alipo, Promise alipo. Kaya iwe.

Kalata yako inachedwa. Galimoto ya Owen inagwidwa pachipata cha m'malire chifukwa cha katundu wa munthu wina, ndiye inandipeza mwezi wa Malichi ukutha. Nthawi yonseyo chotupa chija chinakula, chinaphulika chokha, chinkangotuluka mafinya. Mayi ako ankathowa ndi madzi a mchere. Kangapo konse anati tipite kuchipatala, ine n'kumati tidikire mawu a Lenia. Kunena zoona sindinkadikira iwe. Ndinkaona nkhope ya mtsikana uja ndinamutcha mwana wa dzulo.

Ndinawerenganso kalata yanga monga unanenera, m'mutu momwemu, poti pepalalo lili kwa iwe. Kumanja, kumanzere. Ndinatulutsa njinga.

Pageti sindinaime, ndinalowa. Nesi Patricia anandizindikira ndili patali, amvekere, "Eee, agogo a kuthako aja! Mwabwera kudzabayitsa?" Anzake anaseka. Kenako mayi ako anamutsitsa Promise kumsana, mwanayo n'kuyenda kuchokera pakhomo kukafika pa tebulo. Kuseka kunatha.

Nesi anagwada pansi, yunifomu yoyerayo pa simenti. Anati, "Promise, tandipatsa moni ndi chala cha kuphazi ichi." Cha kumanja chinadzuka. "Nanga ichi?" Mwana anayang'ana phazi lake, anakwinya nkhope, analimbikira mpaka kutuluka thukuta pamphuno. Silinasunthe. Nesi anakanda pamwamba pa phazi ndi chivindikiro cha cholembera. Mwana anati, "Simunandigwire."

Anandifunsa kuti anabaya ndani. Ndinanena zonse, ndi chitini chomwe, ndi kuti womugwira mapewa ndinali ine. Ndinadikira kuti anditukwane. Zikanandipepukira. Iye anangonyamuka, n'kupita kukaitana adokotala.

Adokotala anakalipa m'Chingerezi, zimenezo sindinamve. Nesi ndiye anandikhazika pa benchi. Analoza pa thupi lake lomwe, kuyambira m'chiuno kutsika kumbuyo kwa mwendo mpaka kuphazi. Akuti mtsempha umenewo ndi umene umauza phazi kuti dzuka. Singano inaubaya, mankhwala anauwotcha. Moto umene mwana ankanena unali umenewo. Chotupacho akuti ndi litsiro la singano yobayira anthu ambiri.

Ndinafunsa, "Anesi, lidzadzuka?"

Anati, "Agogo, sindikunamizani. Ena mtsempha umatsitsimuka pang'onopang'ono, ena ayi. Mukanabwera sabata yomweyo tikanayamba msanga kuliwongola. Tiyese, tione miyezi ikubwerayi."

Anagonekedwa m'wodi, chotupa anachitsuka. Mankhwala ake ankadzera pa kampopi kamene anamuika pa dzanja, kuti asamangomubaya. Tsiku loika kampopiko mayi ako anali atapita kukachapa, ndiye womufungata ndinali ine. Nesi anandionetsa, mutu wa mwana pachifuwa panga, mkono wanga kumukulunga, miyendo pakati pa mawondo anga. Anafunsa dzina. Ndinati Promise. Anakasamba m'manja, anabwera, anafunsanso. Ndinati Promise. Anang'amba kapepala pamaso panga, koma ulendo uno sananene kuti taonani. Mwana analira pang'ono, n'kuiwala.

Atipatsa kachipangizo ka pulasitiki kogwira phazi kuti lisalendewere, ndi zoti tizimuwongola m'mawa ndi madzulo. Mwezi uliwonse tizipita akaone. Kuwongolako ndikuchita ndine, mayi ako manja amawawa. Akundilankhula tsopano, koma za ntchito zokha.

Kalata yako yoyamba ija ndinaimva mmene ndinkafunira ine. Iwe usadziimbe mlandu.

Ndine malume ako,
Sitima


Joni
5 Meyi 2024

Amalume,

Moni ndapereka chifukwa munandilera. Amayi muwapatse moni weniweni.

Mwati ndisadziimbe mlandu. Ndikamusambitsa mwana wa madamu amandithawa m'bafa, kuthamanga nyumba yonse ali maliseche, ine kumuthamangitsa ndi thaulo. Madamu amaseka. Ine ndimayang'ana mapazi ake. Kalata ija ndinalemba ndine, ndalama ya a Goodman inachoka m'thumba mwanga. Tiugawana mlanduwo, amalume, musautenge nokha ngati munda.

Ndatumiza yoyendera kuchipatala. Tsiku lililonse limene anakupatsani musaphonye, ngakhale kugwe maliro a ndani. Zimene nesi Patricia anene, chitani zomwezo. Akati dikirani, dikirani.

Mukamayankha musandilembere za mvula, za nandolo, kapena za amene wakwatiwa. Ndikufuna chinthu chimodzi. Mumukhazike pa mpando, mumuuze kuti amayi ako akuti kweza chala. Mundiuze ngati chadzuka. Musandinyengerere.

Chithunzi chija musajambule kaye.

Lenia


Nkhulambe
22 Sepitembala 2024

Wokondedwa Lenia, mwana wa mlongo wanga,

Moni. Mayi ako alipo. Promise alipo, wanenepa, wakwanitsa zaka zinayi.

Owen wabwera kangapo kudzafunsa ngati pali kalata, ine kumubweza. Usamukwiyire iye. Ndinachedwa dala. Unati ndikuuze chikadzuka, ndiye ndinkati ndidikire mwezi wina, mwina ndidzalemba inde.

M'mawa uliwonse ndimamukhazika pa kampando, ndimati amayi ako akuti kweza chala. Poyamba ankalimbikira. Kenako anatulukira nzeru, amawerama n'kuchikweza ndi dzanja, amvekere, "Agogo, auzeni kuti chadzuka." Mayi ako akamva zimenezo amalowa m'nyumba.

Sichinadzuke, Lenia.

Kuchipatala sitinaphonye. Ulendo wathawu adokotala anakanda, anagogoda, anayeza kunenepa kwa miyendo iwiri ndi chingwe. Wa kumanzere wayamba kuchepa m'munsimu. Analemba kalata yoti tikaonane ndi madokotala a mafupa ku Blantyre, akuti mwina akadzakula angadzamuchite opaleshoni yoti phazi lizikhala mowongoka. Kuti lizidzuka lokha ngati kale, sanalonjeze. Nesi Patricia anatiperekeza mpaka pageti. Anandigwira mkono, amvekere, "Musasiye kumuwongola, agogo." 

A Goodman anabwera anthu a zaumoyo kudzawafunsa, anasowa mwezi wathunthu, akuti anawolokera ku Mozambiki. Pano abwerera. Tsiku la msika ndinadutsa, ndinapeza azimayi pa benchi pomwe paja, ana kumsana. Ndinatsika pa njinga. Ndinawauza za mtsempha, za ntchafu, za singano yatsopano, ndinaloza ndi pa mwendo wanga monga anandionetsera nesi. Wina anati, "Agogo, chipatala chili kutali, mutilipirira kabaza ndinu?" Wina anati, "Si inu nomwe munkatiuza kuti manesi sadziwa malo obaya?" Anaseka. Mmodzi yekha ananyamuka, kaya anamva ine kaya anangotopa kudikira. Otsalawo analowa mmodzimmodzi. Ndili pamsewu ndinamva mwana akulira mkatimo. Makutu angawa amasankha zomva.

Promise wayamba sukulu ya mkombaphala ya kutchalitchi. Anzake akamathamangira phala iye amafika pomaliza, koma amafika. Kunyumba amasewera chipatala ndi chitsononkho chovekedwa kansanza. Amachifunsa dzina, amapita kukasamba m'manja, amabwera, amachifunsanso. Amabaya ndi kamtengo pantchafu, n'kutaya kamtengoko m'chigoba cha machesi. Dzulo anandiitana kuti ndifungate wodwalayo. Anati, "Agogo, gwirani bwino, musamugoneke chafufumimba." Ndinagwira.

Kapulasitiki kaja sikalowa mu nsapato zofiira, ndipo kusukulu amakana kupita wopanda nsapato za amayi ake. Ndiye m'mawa amavala nsapato, akaweruka timamuveka kapulasitiki. Njira ya kutchalitchi ndi ya miyala. Nsapato ya kumanzere yaperepeseka kutsogolo, yabooka, chala chikuonekera. Ndasoka kawiri ndi ulusi wa thumba, pano palibenso pogwira ulusi. Ya kumanja ikadali yatsopano, ngati yangochoka m'sitolo.

Ngati ku Joni amagulitsa nsapato imodzi, ugule ya kumanzere yokha.

Ndine malume ako,
Sitima